Benzi ya NyaHarawa

Wiza anapotokola kiyi kachitatu. Injini inangokhosomola pang'ono kenaka zii.

"Ndinanena ine," anatero amalume ake, a Mackford, atatsamira chitseko cha galaja. "Masabata atatu okha osailiza, batire yatha kale. Hilux yangayi ndinaisiyapo miyezi iwiri, nditabwera ndinangokhudza kiyi basi."

 Wiza anali atafika dzulo lake kuchokera ku Rumphi kumene anakaika mayi ake, NyaHarawa, ndipo msana unkamuwawabe ndi ulendo komanso kugona pa mphasa. Mpando unali pafupi kwambiri ndi chiwongolero poti malemuwo anali aafupi. Wiza sanaukankhire kumbuyo, anangopinda mawondo.

Benziyo NyaHarawa anakaitenga okha ku doko la Dar es Salaam zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, nkuiyendetsa okha mpaka ku Lilongwe. Tsiku lililonse inkawapititsa ku ntchito ku Capital Hill. Amuna awo, a Lemson Nyasulu, mphunzitsi wopuma, chibadwire sanagwirepo chiwongolero. Nyumba ya ku Area 10 inali ya boma, ndipo a ku unduna anali atanena kale mwaulemu kuti banjali lili ndi miyezi itatu. A Lemson amayenera kusamukira ku kanyumba kawo ka ku Area 25.

Wilbert, mchimwene wake wa Wiza amene ankagwira ntchito ku banki ku Blantyre, anatuluka m'nyumba maso ali pa foni.

"Ndaponya zithunzi pa gulu lathu la okonda magalimoto. Onse akuti tiigulitse isanayambe kuvuta. Wina akuti pampu ya mafuta yokha anaidikira miyezi inayi kuchokera ku Joni."

"Mwaponya zithunzi?" Wiza anatulutsa mutu pa windo. "Nkhata za maluwa sizinafote kumanda kuja, inu mwayamba kale kutsatsa?"

"Si kutsatsa. Ndimafunsa anthu odziwa."

"Odziwa chiyani? Amama aiyendetsa zaka zonsezi, munamva liti kuti agona panjira?"

"Iwe mwana," analowererapo a Mackford, "mlongo wanga ndinkamuuza ali moyo. Galimoto izi anapangira misewu ya kwawo. Msewu wa ku 25 uja nthawi ya mvula, iyi ikangokhala pamimba ngati kamba. Bambo akowa akufunika Toyota, yoti makaniko aliyense wa pansi pa mtengo aikonza."

"Adada sayendetsa," anatero Wiza.

"Ndiye uiyendetsa ndiwe? Malipiro a unamwinowo?"

Wiza anayang'ana kumbali. Ankadziwa kuti tayala limodzi la galimotoyo linali pafupifupi theka la malipiro ake, ndipo kumene ankakhala ku Kawale kunalibe ndi mpanda womwe.

A Lemson anali pakhonde, akupukuta mipando ya pulasitiki yobwereka ku tchalitchi, umodziumodzi, ngakhale inali yoyera kale. Anamva zonse. Anaika kansalu pansi.

"Ilizeni. Tikamuone munthu wogula magalimoto uja, nkhaniyi ithe. Ndatopa."

A Mackford anabweretsa Hilux pafupi, nalumikiza mawaya ku batire. Benzi inalira nthawi yomweyo, mawu ake apansipansi. 

Munthuyo anali a Lawford, ogula ndi kugulitsa magalimoto kuseri kwa mashopu a ku Area 2. Pabwalo pawo panali amuna anayi atakhala pa benchi, a mtundu wosagula kanthu koma osasowa pamalopo. Benzi itangolowa pa geti anadzuka onse.

"Iyi ndi ya kale ija, yachitsulo chenicheni," anatero wina wa chipewa chachikopa, akugogoda chitseko ndi chala. "Zatsopanozi ndi makompyuta okhaokha. Kawaya kamodzi kakanyowa, basi, itanani loli."

"Yakale, yatsopano, Benzi ndi Benzi," anayankha mnzake. "Tsiku logula umasangalala, tsiku logulitsa umasangalalanso. Pakatipa ndi misozi."

Anaseka. A Mackford anaseka nawo, nayamba kufotokoza za Hilux yawo. Wilbert anaonetsa wachipewayo zimene anzake analemba pa foni. Kenaka mkangano unasamukira ku Range Rover, ngati ili galimoto kapena matenda, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuti pali nkhalamba yovala jekete lakuda imene yaima padzuwa.

A Lawford sanalowe nawo m'macheza. Anatsegula boneti, nasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakayang'anitsitsa. Anawerama nkusuzumira pansi. Atadzuka anapukuta manja.

"Ankaisamala ndani galimotoyi?"

"Mkazi wanga," anatero a Lemson.

"Ndikutanthauza makaniko wake, bambo."

"Zikuluzikulu ankapita nazo ku galaja. Zinazi ankachita yekha, Loweruka m'mawa. Ine ndinkangomugwirira tochi."

Amuna aja anasiya kuseka. Wachipewayo anavula chipewa chake, nachigwira m'manja osadziwa chochita nacho.

A Lawford anatchula mtengo. Wilbert anati ndi wochepa, a Mackford anati kwa Benzi ya zaka zimenezo ndi mwayi. Anakokanakokana. Wiza anayang'ana bambo ake, akuyembekeza kuti akana, kapena anena kuti tikaganize kaye.

"Adada, sitikukakamizidwa lero."

"Ndikaiika pati, mwana wanga? Ndizikaiyang'ana ikuchita dzimbiri pabwalo?" Anatembenukira kwa a Lawford. "Lolemba tibwera nayo pamodzi ndi mapepala ake. Koma musaigulitse kwa munthu wothamanga."

A Lawford anagwedeza mutu, ngakhale onse ankadziwa kuti lonjezo lotero silisungika.

A Mackford ndi Wilbert anatsalira kuti aone ka Toyota kena kamene kanali pakona. Wiza ndi bambo ake ananyamuka awiri. Pamene ankadutsa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kumwamba kunali kutada, ndipo asanafike ku City Centre mvula inayamba, yamadontho akuluakulu. Inali nthawi yoweruka. Pa siteji ya m'munsi mwa Capital Hill anthu anali ataunjikana pansi pa mitengo, ena atafunda majumbo kumutu, maminibasi akudutsa odzaza.

Mayi wina wa yunifolomu yobiriwira ya okolopa m'maofesi anatuluka m'gulumo, nakweza dzanja akumwetulira. Galimoto itayandikira anaona nkhope ya woyendetsa. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, ndipo anabwerera m'mbuyo.

"Ima," anatero a Lemson.

Wiza anaima, natsitsa galasi. Mayiyo anafika akuwerama, madzi akutsika m'masaya.

"Pepani, ndinaiwala. Ndinangoona galimoto. Ndine Efelo, ndimakolopa ku ofesi kwa mayi. Kumaliro sitinathe kufika, kutalika."

"Mukupita kuti?" anafunsa a Lemson.

"Ku Kauma, bambo. Koma musavutike."

"Lowani."

Efelo anacheuka nkukodola anzake awiri, mayi wina wachikulire ndi bambo wonyamula kachikwama ka mapepala. Sanafunse kuti akhale pati. Wachikulireyo analowa pakati, bamboyo anazungulira mbali inayo, aliyense pamalo pake ngati pa benchi ya ku tchalitchi.

"Ankakutengani kawirikawiri?" anafunsa Wiza, akuwayang'ana pa galasi.

"Kukagwa mvula ankadziwa potipeza. Ngakhale atuluke mochedwa ku msonkhano, ife tinkangodikira," anayankha Efelo.

A Lemson anayang'ana kutsogolo. Zaka zonsezo ankaganiza kuti masiku a mvula mkazi wawo amachedwa chifukwa cha mzere wa magalimoto.

Efelo anawerama, napisa dzanja pansi pa mpando wa Wiza osayang'ana n'komwe. Anatulutsa thaulo lofiirira lopindidwa bwino, napatsa kaye wachikulire uja kuti adzipukute kumaso. Kenaka anadzipukuta yekha, nalipinda mwa makona anayi monga analipezera, nalibwezera pamalo pake.

Wiza anayatsa indiketa, nakhotera njira ya ku Kauma.