Mzere pa Lenzi ya Amuna Anga

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pabanja ndi wojambula zithunzi, koma kamera yawo ndinali ndisanaigwirepo. Malaya awo ndimachapa ndine, dzino limene limawavuta ndimalidziwa, ana atatu ndinawaberekera. Koma ndikangoti ndisunthe kamera ija patebulo kuti ndiikepo makapu, pomwepo mumva, "Amayi, isiyeni, ndichotsa ndekha." Amanena mofatsa, inde, koma kufatsa kwakeko n'kumene kumandipweteka kuposa kukalipa.

Ndinkadzitonthoza kuti ndi chibadwa chawo, palibe munthu amene amaigwira. Ngakhale mwana wathu woyamba, amene bambo ake samumana kanthu, ankaionera patali. Lamlungu lililonse masana ankakhala pafupi ndi zenera la pabalaza n'kumapukuta okha lenzi, galasi lozungulira la kutsogolo kwa kamera lija, uku akuimba likhweru. Kenako anangosiya, ndipo kathumba ka zopukutira anakapititsa ku situdiyo. Ine sindinafunse.

Lachiwiri lina anaiwala foni pabedi. Inalira katatu, ndipo ndinati mwina ndi makasitomala, ndiwapititsire. Ku situdiyo ndinapeza loko ali lende. Telala wa khomo loyandikana anatukula mutu pa makina ake, mapini ali kukamwa.

"Apita kwa mayi wokonza makamera, kuseri kwa sitolo ya nsapato," anatero. "Lero si Lachiwiri? Saphonya."

Mawu oti "saphonya" aja anawatchula akuyang'ana nsalu, osati ine. Ndinamuthokoza bwinobwino ngati munthu woti akudziwa kale.

Kashopu kake n'kakang'ono, kauntala yagalasi, nyale yopindika khosi, mashelefu odzaza makamera akufa. Sindinalowe. Ndinaima pazenera, kumbali kwa chikwangwani, n'kusuzumira. Mayi uja ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka mwina khumi, tsitsi lomangira kumbuyo, osati wokongola kwenikweni, ndisanamizire. Koma m'manja mwake munali kamera ya amuna anga. Anaizondotsa, lenzi kuyang'ana pansi, n'kumafinya kampira kakuda konga dzira kokhala ndi kamlomo kosongoka. Fu, fu, fu. Amuna anga manja anali m'thumba, ngati kamera ndi ya eni ake.

"Taonani apa," anatero mayi uja, atayatsa nyale.

"Pati?" anafunsa amuna anga, n'kuwerama mpaka chipumi chawo chinatsala pang'ono kugunda chake.

Anaseka onse awiri. Ine ndinabwerera kunyumba foni ili m'chikwama, ndipo ndinakaiponya pabedi pomwe ndinaitola.

Kuyambira tsiku limenelo ndinamutcha Mayi Kapopa, chifukwa cha kampira kake kopopera mphepo kaja. Nsanje ndinachita, sindibisa, nsanje yeniyeni yosowetsa tulo. Masabata atatu ndinakhala wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Malaya awo ndinkayamba ndawanunkhiza ndisanawaviike m'madzi. Lachiwiri ndinkaona ngati asankha nsapato zabwino. Akachedwa mphindi khumi ndinkadziwa kale kuti ali kuti, akuwerama motani. Ndinawafunsa kamodzi kuti bwanji masiku ano sapukuta okha.

"Mayi uja ali ndi dzanja labwino," anayankha, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Dzanja labwino. Ndinayang'ana manja angawa, amene asendeka ndi sopo wa malaya awo.

Lachisanu anakajambula masewero a ana asukulu pa bwalo lopanda udzu. Kunali chimphepo, kenako kunawaza kamvula. Anafika masana dzuwa litapendeka, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Anaika chikwama cha kamera patebulo la pabalaza.

"Mawa kuli ukwati, ndipo lenzi yadetsedwa kwambiri," anatero akuvula nsapato. "Ndidzukira kwa mayi uja. Ndamuimbira kale, akuti atsegula msanga chifukwa cha ine."

Analowa kubafa. Nditamva madzi akutsika, mawu aja anali akuzungulirabe m'mutu. Chifukwa cha ine. Ndinati lero ndi lero, kupukuta galasi n'chiyani kodi? Mazenera onse a nyumba ino amawala chifukwa cha ndani?

Ndinatsegula chikwama. Kamera inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinachotsa kachivindikiro kakutsogolo, ndipo zoonadi galasi linali ndi madontho ouma a matope ndi fumbi lofiira m'mbalimbali. Ndinaliuzira mpweya wa m'kamwa, haa, monga ndimachitira ndi kalilole. Ndinatenga kansonga ka nsalu yopukutira mbale, yochapa bwino, n'kupukuta. Matope anangofalikira. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga botolo la mankhwala a mazenera, ndinapopera kawiri pagalasi pomwepo, n'kutikita ndi chala mwamphamvu.

Pansi pa chala changa panamveka kakuti tswii, kochepa kwambiri.

Ndinapita nayo pazenera. Galasi linali litayera, koma kuchokera m'mbali kufika pakati panali mzere wopindika, woonda ngati tsitsi. Ndinayesa kuufufuta poganiza kuti ndi ulusi wa nsalu. Sunachoke, m'malo mwake panabadwa kena kakafupi pambali pake. Mayi anga ankakonda kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo mawu awo ndinawamva bwinobwino ngati ali kumbuyo kwanga.

Amuna anga anatuluka thaulo lili paphewa. Anaona kamera m'manja mwanga, n'kuima.

"Ndakupukutirani," ndinatero, mphuno ili m'mwamba. "Palibe chifukwa chodzutsira anthu m'mamawa ngati kunyumba kuno kulibe manja."

Sanakalipe. Anailandira ndi manja awiri, n'kupita pazenera paja. Anaipendeketsa uku ndi uku. Anaibweretsa pafupi ndi mphuno, kenako anaitalikitsa. Ine ndinali kuseri kwa tebulo, masitepe anayi kuchokera pomwe anaima, koma mzere uja ndinkauona ukung'anima dzuwa likaugunda. Ndinadikira kuti kugwe bomba.

"Mwaiyeretsa bwino, amayi," anatero. "Zikomo."

Poyamba ndinayesa akundinyogodola, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuyankha. Koma nkhope yawo inalibe chinyengo. Anatenga kachivindikiro patebulo kuti atseke, anaphonya, anafufuza m'mphepete ndi chala chachikulu, n'kutseka kachiwiri. Pamenepo zinthu zinayamba kundibwerera chimodzichimodzi. Nyuzipepala imene anasiya kugula, ati nkhani zake n'zomwezomwezo. Mauthenga a pafoni amene ankapatsa mwana wathu wamkazi kuti awawerengere, ati manja ali ndi mafuta. Tiyi amene anathira pambali pa kapu, ine n'kuwakalipira kuti maganizo ali kwa Mayi Kapopa.

"Abambo," ndinatero, "pali mzere. Ndaikanda."

Anatsegulanso, n'kuwerama.

"Pati?"

Anafunsa ndi mawu omwe aja a m'kashopu, n'kuwerama chimodzimodzi. Ndinagwira chala chawo n'kuchiimika pamwamba pa mzere, osakhudza galasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pampando, kamera ili pamwendo.

"Chatha chaka," anatero. "Adokotala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndikudikira tsiku la opaleshoni. Anthu ndimawaona, ndipo kamera za masiku anozi zimalunjika zokha pankhope. Koma fumbi sindiliona. Ndikapukuta ndekha ndikhoza kutikita mchenga osadziwa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndani angaitane wojambula wosaona? Mukanauza achemwali anu kuti atipempherere, achemwali anu akanauza mpingo wonse." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Komanso manyazi, amayi. Munakwatiwa ndi munthu wa maso."

Ndinafuna kulira, ndinafuna kuwamenya ndi nsalu ya mbale ija. Ndinangopita kukatereka madzi a tiyi.

M'mawa tinapita tonse. Mayi Kapopa anali atatsegula kale, akusesa pakhomo. Anandipatsa moni mwaulemu, ine ndinayankha ndi theka la pakamwa. Anayatsa nyale yake, anayang'ana mzere uja, ndipo sanafunse kuti wachita ndani. Anagwira m'mphepete mwa lenzi n'kupotokola, ndipo kunatuluka kagalasi kopyapyala ka mkombero wachitsulo.

"Mwayi wake ndi uwu," anatero. "Aka n'kotchinga chabe, ndinakaika miyezi yapitayo kuti chilichonse chiziyamba chakumana ndi ikako. Lenzi yeniyeni ili bwinobwino. Ndiika kena, ku ukwati mupita."

Munthu wabwino akanathokoza Mulungu. Ine mtima unangoti nyamu, kuti ngakhale kulakwa kwanga mayiyu anali atakukonzekera kale.

"Aphunzitseni," anatero amuna anga. "Kuyambira lero azipukuta ndi iwowa."

Ndinawayang'ana kuti mwina sindinamve. Mayi uja anandiika kamera m'dzanja lamanzere, kapopa m'dzanja lamanja.

"Izondotseni, kuti fumbi lizigwa pansi. Chimakanda galasi ndi mchenga, ndiye musakhudze chilichonse mchenga usanachoke. Finyani. Pakamwa ayi, mpweya wa m'kamwa umabwera ndi malovu."

Ndinafinya. Fu, fu. Anandipatsa kaburashi kofewa kuti ndisese m'mbali, n'kundichenjeza kuti ubweya wake ndisaugwire ndi zala, uli ndi kachivindikiro kake. Kenako anatulutsa kansalu kotuwa m'kathumba kapulasitiki ndi kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso.

"Dontho limodzi, pansalu, osati pagalasi, lingalowe m'kati. Yambani pakati, muzizungulira kupita kunja. Musakanikize, mayi, si mphika. Mukatha kansaluka kabwerere m'thumba mwake. Ndipo ikakhala yoyera musaipukute n'komwe."

"Nanga mankhwala a mazenera?" ndinafunsa, ngati ndikufunsira munthu wina.

"Amadya utoto wofiirira umene mukuuona pagalasili," anayankha. Sanandiyang'ane, koma ndinaona kuti fungo lake anali atalimva kale.

Nditamaliza anayang'ana pansi pa nyale n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Amuna anga anatenga chikwama n'kutuluka kukadikira galimoto ya a ukwati pamsewu. Ine ndinatsalira, ndikunamizira kumanga kathumba ka zopukutira kamene anandikonzera. Panali funso limene linandivuta usiku wonse.

"Za maso awo anakuuzani liti?"

"Sanandiuze," anatero akupukuta kauntala. "Tsiku loyamba lomwe ndinawalozera fumbi pagalasi, iwo anayang'ana pena. Ndinangodziwa. Sitinakambiranepo mpaka lero."

"Tsiku loyamba," ndinabwereza.

"Ee. Ndinkayesa inu mukudziwa."

Ndinatsanzika bwinobwino. Panja amuna anga anali ataima m'mphepete mwa msewu, akutsinzinira galimoto iliyonse yodutsa kuti aone ngati ndi yawo. Ndinaima pambali pawo n'kumawauza mitundu yake, yoyera, yabuluu, mpaka yawo inafika.

Masiku ano Lamlungu masana pazenera pamakhala ine. Ndimazondotsa kamera, ndimafinya kapopa, iwo ali pampando akuimba likhweru lawo lija. Ku kashopu kuja sapitanso Lachiwiri. Koma ine ndikamapita kogula nsapato za ana ndimadutsa tsidya lina la msewu. Mayi uja anapulumutsa lenzi, ndipo amuna anga sanawafunepo n'komwe, izo ndikudziwa. Koma anawayang'ana kamodzi kokha n'kuona, pamene ine ndinadya nawo patebulo limodzi chaka chathunthu, n'kumanunkhiza malaya. Chimenecho mpaka lero sindinamukhululukire.