Nyama Zonenepa za a Fyson

A Fyson sapereka moni asanagwire msoko wa malaya a munthu. Amatambasula dzanja bwinobwino, koma zala zimapitirira mpaka paphewa, n'kutsina msoko, kenako mutu pukusu. Anagwira ntchito yoyendera misoko zaka makumi awiri pafakitale ya zovala ku Belmont, ndipo fakitaleyo itatsekedwa, zala zawo sizinaumve uthengawo. Ngakhale abusa anatsinidwapo pakhomo la tchalitchi.

Akazi awo, mayi Loice, zimenezo anazizolowera. Chimene chinkawadya mtima ndi matisheti. Loweruka lililonse a Fyson ankayenda wapansi kuchoka ku Makokoba kupita pakaunjika wa m'tauni, n'kubwerako ndi tisheti imodzi yojambulidwa nyama yonenepa. Yowonda sankaiyang'ana n'komwe. Panali mvuu yovala kabudula wosambira, nkhumba yokwera njinga matayala ataphwa, mphaka wa masaya ngati mandasi, njovu yokanirira m'beseni. Onse pamodzi anakwana makumi asanu ndi mphambu zitatu, ndipo wadilopu yonse inali khola lawo. Yunifolomu ya Mvano ya mayi Loice inkagona pamsomali kuseri kwa chitseko, kumene mphemvu zimachitira misonkhano.

Zinthu zinasokonekera atamwalira a Davison, mnzawo wa kufakitale. Maliro atatha, achibale anayala zovala za malemu pamphasa, anaziwaza madzi monga mwa mwambo, n'kugawana. A Fyson anabwerako kumeneko nkhope itagwa, tiyi anamukana.

"Jekete lapita ku Luveve, thalauza lake ku Pumula," anatero. "Suti imodzi, mayi a Kimberly! Ndipo shati ija ya misoko iwiri, mkamwini wawo wapukutira magalasi a kombi ine ndikuona."

"A Davison adandaula?" anafunsa mayi Loice.

"Nanga nyama zangazi? Tsiku langa likadzafika zidzamwazika ngati nkhuku zaona kabawi."

Mayi Loice anayang'ana msomali wawo uja.

Lamulungu masana akutsuka mbale, anamva kulira kuchokera kumsewu. Anali a Mildred, mlongo wawo wa a Fyson, chitenje m'chiuno, bulangete m'khwapa, pambuyo pawo achibale ena asanu ndi amayi awiri a bungwe la maliro atasenza mabenchi. A Fyson anali atawatumizira uthenga pafoni, osauza mkazi wawo, woti abwere adzagawane zovala. Tsono zovala amagawana za munthu wakufa basi, ndiye aliyense anangodziwa kuti mkuluyo watsala madzi amodzi.

"Achimwene anga ine! Mayo ine!" A Mildred analowa pageti akudzigwetsa. "Alamu, bwanji osandiuza kuti matenda afika apa?"

Wodwalayo anali khale pampando pansi pa mtengo wa mapichesi, mvuu ili pamimba, akudya chimanga chootcha. Anadzuka, n'kutsina msoko wa bulauzi ya mlongo wawo.

"Yosokedwa mothamanga iyi," anatero.

Kulira kunaduka pomwepo. A Mildred anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Simukufa?"

"Osati sabata ino."

"Hawu! Ine ndasiya nyemba pamoto, ndakwera makombi awiri ndikulira, anthu mpaka kundipatsa mpando wakutsogolo! Malodza otani amenewa, munthu wamoyo kugawa zovala?"

A Fyson sanatekeseke. Anayala mphasa, n'kutulutsa matisheti onse atapindidwa ngati a m'sitolo. Anafotokoza kuti akufuna kudziwiratu amene adzasunge nyama iliyonse, ndipo aliyense ayambe wayankha mafunso.

Anayamba ndi msuweni wawo wina, bambo wa ndevu zaimvi. "Nkhumbayi mudzaichapa bwanji?"

"Ndi sopo, nanga n'chiyani?"

"Moitembenuza kapena ayi?"

"Nkhumba amaitembenuza ikakhala pamoto, achimwene."

"Mwalephera. Wina."

Wachiwiri anati njovuyo adzagona nayo m'nyengo yozizira. Analephera. Mayi wina wa bungwe la maliro, amene sanali ngakhale wachibale, anafunsa ngati palibe ya nyama yowondako, poti iye ndi wochepa thupi. A Fyson anachita ngati sanamve.

A Mildred anali atatola mphaka uja, akumusisita ndi zala. "Koma nsaluyi ndi yofewa, alamu," anauza mayi Loice. "Imeneyi pakhonde, ndi polishi wofiira, simenti ingawale ngati galasi."

A Fyson analanda mphakayo n'kumukumbatira pachifuwa. Anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaonekadi ngati wodwala.

Mayi Loice anawayang'ana amuna awowo. Zaka makumi atatu ali nawo, mowa samwa, dzanja sanawakwezerepo, vuto lawo ndi nyama zokhuta basi. Anayang'ananso chitseko cha kuchipinda, kumene kunkaonekera wadilopu ili pululu, zitseko zili yasa. Sanaionepo yokongola chotero. Anapukuta manja pachitenje.

"Tamverani nonse," anatero. "Pano palibe atenge kanthu. Bambo a Kimberly, nyama zanuzi mudzapita nazo. Tsiku lanu likadzafika ndidzaziika ndekha m'manda, zonse, mvuu kumutu, nkhumba kumapazi."

A Fyson anadzutsa mutu. "Zonse pamodzi?"

"Ngakhale imodzi yosatsala."

"Bokosi lidzatsekeka?" anafunsa a Mildred.

"Likadzakana mudzalikhalira pamwamba ndinu, alamu. Thupi muli nalo."

Amayi a bungwe anaseka mpaka benchi kugwedezeka. Mayi Loice sanaseke.

"Koma pali lamulo," anapitiriza. "Katundu wa paulendo sakhala m'wadilopu. Amakhala m'chikwama, wokonzeka. Imfa silipira kombi, imangofika."

A Fyson anaganiza kanthawi. "Nanga ndikafuna kuvala?"

"Mutulutse imodzi, mukavula ibwerere."

"Nanga Loweruka ndikapeza ina?"

"Zipi ikakana kutseka, ndiye kuti khola ladzadza."

Mayi Loice analowa m'nyumba, n'kutulutsa chikwama chachikulu cha mizeremizere chimene Kimberly, mwana wawo, anabwera nacho kuchokera ku Joni. A Fyson anachitembenuza, anatsina misoko yonse inayi, n'kuvomera ndi mutu. Anaika nyama zawo okha, imodziimodzi, mphaka pansi penipeni kutali ndi a Mildred.

Achibale anamwa tiyi amene anayenera kukhala wa pamaliro, akudandaula za ulendo wopanda phindu. Pamene mabenchi ankatuluka pageti, yunifolomu ya Mvano inali italowa kale m'wadilopu, yokhayokha pahang'ala, ndipo chikwama chinali pansi pa bedi, zipi itatsekedwa mpaka kumapeto.