Chotupa Chakumsana kwa a Howard

Lachiwiri pa 14 Januwale 2025, dokotala wa pachipatala china chachikulu mu Blantyre anauza a Howard Nansongole a ku Bangwe kuti chotupa chakumsana kwawo si khansa. Chithunzi cha sikani ndi kanyama komwe anadula pachotupacho n'kukayeza ku labu zinagwirizana: anali mafuta ounjikana pansi pa khungu, a mtundu wosapezekapezeka koma wosaopsa.

Petronela, mkazi wawo, mtima unakhala pansi. Kenako dokotala anafunsa kuti chinayamba liti.

"Chinaoneka mu Ogasiti," anatero a Howard. "Chinali ngati mtedza."

"Munachiona bwanji kumbuyoku?"

"Anachita kundiuza."

Dokotala anamwetulira akuyang'ana Petronela. Petronela sanamwetulire. Iye anachiona pa Khirisimasi, chitakula ngati dzira. Mwezi wonse wa Ogasiti anali ku Phalombe, kudwazika mayi ake.

Chotupacho chili pansi pa phewa lakumanzere, pobisika ndi vesiti, pomwe dzanja la mwiniwake silifika. Wometa amalekezera m'khosi. Telala amayeza pamwamba pa malaya. Ndipo a Howard savula shati pagulu, ngakhale kutentha kwa mu Okutobala.

Dokotala anati njira zilipo ziwiri: kuchisiya n'kumachiyang'anira, kapena kuchichotsa ndi opaleshoni yaing'ono.

"Chisiyeni, adokotala, poti sichipweteka," anatero Petronela.

"Ayi, chichoke," a Howard anamudula. "Chikunyansa."

Petronela anapirira mpaka atakwera minibasi ya ku Bangwe mu Limbe.

"Bambo a Tawina, chikunyansa ndani? Inu simuchiona. Ine sindinadandaulepo."

"Iwe, munthu ndapulumuka khansa, m'malo mothokoza Mulungu ukundizenga mlandu?"

"Mulungu ndamuthokoza kale. Ndikufuna ndikathokozenso amene anachiona poyamba. Maso akuthwa chonchi, kuona kamtedza pamsana pa mwamuna wa mwini!"

Mayi wina wapampando wakutsogolo anatsokomola, mapewa akugwedezeka.

"Ndaiwala," anatero a Howard, maso ali pawindo.

"Mwezi simunaiwale. Mtedza simunaiwale. Dzina lokha?"

A Howard anaitana kondakitala n'kuyamba kumufunsa za chenji.

Opaleshoni anaiika Lachinayi pa 6 Malichi. Petronela wanenetsa kuti gadiyani adzakhala iye, ndipo sadzasuntha pakhomo la wodi nthawi yonse yoonera odwala. Amene anaona chotupacho mu Ogasiti, a Howard sanamutchulebe.