Lero Phiri Likuwerenga Mitengo

Lachisanu pa 18 Okutobala 2024, Mayi Tokiko Kajiwara, a zaka 68, sanakwere basi ya m'mawa yopita kunkhalango ya mikungudza pachilumba cha Yakushima, chikhalirecho ulendo wonsewo anaukonzera basi imeneyo.

Anafika Lachinayi masana pa sitima yapamadzi yochokera ku Kagoshima. Chibadwire kanali koyamba kuyenda okha. Kwawo ku Gifu kulibe nyanja, ndipo malemu amuna awo ali moyo ndiwo ankagula matikiti ndi kufunsa njira. Tsopano ankafunsa okha, nthawi zina ngakhale njira yoidziwa kale, pongofuna kumva kukoma kwake. M'basi yopita kumudzi kumene anakagona anaseka mokweza ataona anyani atakhala pakati pa msewu, gwape ataima pambali ngati akudikira kuti msonkhano uthe.

Koma ulendowu unali ndi mlandu wake. Mu Ogasiti anagwa pamakwerero akuchotsa masamba padenga la nyumba yawo, ndipo anakhala pansi mpaka mnansi atawapeza. Mwana wawo Chinatsu anawakonzera chipinda m'nyumba yake yosanja ku Nagoya, nanena kuti zokhala okha zatha. Anakangana mwezi wathunthu. Pomaliza anapangana motere: Lachisanu pa 18 amayiwo akafike ndi miyendo yawo patsinde pa mkungudza wakale wa m'nkhalangomo, atumize chithunzi. Chithunzi chikafika, nkhani ya ku Nagoya itha. Chikapanda kufika, alongedza katundu.

Nyumba ya alendo imene anafikira inali ya Mayi Sueko Terada ndi amuna awo a Kenzo, amene paunyamata wawo ankadula mitengo kuphiri. Madzulo a Lachinayi a Sueko anabweretsa nsomba youluka yokazinga, mapiko ake atatambasuka mpaka kupitirira mbale.

"Mapikowo musasiye," anatero a Sueko. "Ndiye pokoma pake."

A Tokiko anathyola phiko limodzi, likuti khecheche m'kamwa. Anatseka maso.

"Ndaphikira ana a sukulu moyo wanga wonse, koma nsomba ya mapiko sindinaikhudzepo. Mayi, mawa mundimangireko mpunga wa paulendo. Ndikukwera basi yoyamba ya kuphiri."

A Sueko anayang'ana amuna awo. A Kenzo anaika kapu yawo pansi.

"Mawa? Mlendo, kalendala munaiona?"

"Ndinaiona. Pa 18, Lachisanu."

"Imeneyo ndi ya boma. Pa kalendala yakale mawa ndi tsiku la 16 la mwezi wachisanu ndi chinayi. Kuphiri sitilowa. Bambo anga ankati tsikuli mzimu, mwini phiri, amawerenga mitengo yake, ndipo akakupeza utaima pakati pake, nawenso amakuwerengera komweko."

"Inu musawaopseze alendo," anatero a Sueko. "Mumangofuna chifukwa chomwera masana."

"Ndimamwa mwa ulemu. Ena amamwa opanda chifukwa."

A Tokiko anafotokoza za pangano lawo ndi Chinatsu. A Kenzo anapukusa mutu uku akuseka.

"Safunsa anadya phula. Mukanatifunsa pa foni paja, tikanakuuzani."

"Basi ikhalapo," anatero a Sueko mwachifatse. "Achinyamata a m'mizinda amapita, ndipo amabwerako bwinobwino. Sindikunamizani. Mpunga ndikumangirani. Koma m'nyumba muno palibe amene akuperekezeni kusiteji."

M'mawa kunacha bwino, chinthu chosowa pachilumba chino. Mpunga unali pakhomo, wokulungidwa m'nsalu. A Tokiko anavala nsapato zawo zatsopano, natenga ndodo, n'kupita okha kusiteji. Kumeneko kunali atsikana awiri ndi mnyamata, onse ndi zikwama zikuluzikulu. Mapiri ankaoneka pafupi ngati ungawakhudze, ndipo mtima wa a Tokiko unkathamanga ngati wa mwana wopita kukaona mpira.

Kutsidya kwa msewu, pakakachisi kakang'ono ka mwala, a Kenzo ndi akuluakulu anzawo atatu ankaika mchere, mpunga ndi mowa. Sanayang'ane kusiteji. Anawomba m'manja kawiri, nawerama moyang'ana kuphiri.

Basi inafika. Achinyamata aja anakwera. Dalaivala anasiya chitseko chotsekula.

"Amayi, mukukwera?"

A Tokiko anaponda phazi limodzi pakhomo pa basi, kenaka analibweza.

"Pitani, bambo. Pepani pokuchedwetsani."

Atabwerera kunyumba anapeza a Sueko akuvala nsapato za mphira. A Tokiko ndiwo anayamba kulankhula.

"Miyezi iwiri ndakhala ndikukana kuti munthu andilamulire m'nyumba mwanga. Ndiye ine ndikalowe m'nyumba ya mwini tsiku limene watseka chitseko?"

"Nanga ku Nagoya?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye musakhale pano kumaganiza. Mwezi ukakhala wathunthu, phiri limatseka koma nyanja imatsekula. Masana ano iphwa mpaka kumiyala yakutali. Nsapato zanu ndi nambala yanji?"

Anatsetserekera kunyanja kudzera m'munda wa malalanje. A Sueko anali ndi zaka 74 koma ankalumpha miyala ngati mbuzi. Anapatsa a Tokiko dengu, magolovesi ndi kachitsulo kopindika kumapeto, n'kuwaonetsa mng'alu wa thanthwe. M'menemo munali tinthu tambirimbiri tothinana, tobiriwira, tosongoka ngati zikhadabo.

"Izi ndi ndiwo, timazitcha zala za fulu," anatero a Sueko. "Miyala iyi ndi ya mudzi wathu, ndiye mukutolera m'dzina langa. Lowetsani chitsulo pansi penipeni. Mukadula pakati, nyama yatsala m'mwala."

Zoyamba zitatu a Tokiko anaziphwanya.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlendo. Si anyezi wa kusukulu ameneyu."

Chachinayi chinatuluka chathunthu, ndi tsinde lake lakuda. A Tokiko anachikweza m'mwamba ngati mendulo. Kuyambira pamenepo sanamvenso chilichonse. Anakwawa pathanthwe, anatsikira m'maenje a madzi mmene munali tinsomba ta buluu, anaona nkhanu ikuthawa ndi mwendo umodzi m'mwamba, ndipo ankalankhula ndi mng'alu uliwonse ngati mnzawo.

"Iwe wabisala pamenepo, ndakuona. Tuluka."

"Osafulatira nyanja," anawakumbutsa a Sueko kawiri.

Kachitatu sanachedwe kunena, koma funde linafulumira. Linawamenya a Tokiko m'chiuno n'kuwagwetsa chogwada. Madzi atabwerera, iwo anali atagwira thanthwe ndi dzanja limodzi, dengu ndi linalo. Buluku linang'ambika pabondo, magazi akutsika pamsongolo.

"Mwathyoka?" anafunsa a Sueko, nkhope itasintha.

A Tokiko anadzuka okha. Anapinda bondo, naliwongola, naliponda.

"Ayi. Ndipo sichinatayike ngakhale chimodzi. Taonani."

Ankaseka mpaka misozi, madzi amchere akudontha m'tsitsi. A Sueko anatenga foni ya mlendoyo m'chikwama chimene chinali pamwala wouma, nawajambula momwemo: dengu lodzaza m'manja, mapiri kumbuyo, bondo lofiira.

Kunyumba a Sueko anatsuka balalo n'kulimanga. Kenaka anawiritsa zala za fulu mu msuzi wa miso, nsinjiro za soya zamchere, ndipo anadyera ndi mpunga uja wa paulendo. A Kenzo, amene anali atayamba kale mowa wawo wa mbatata, anaonetsa a Tokiko kathyoledwe kake: kupotokola chikhadabo, kusenda khungu la tsinde, kuyamwa kanyama kapinki ka m'kati. Madzi ake anawathovukira a Tokiko m'diso.

"Chakupatsani moni," anatero a Kenzo.

Kanyamako kankamveka ngati nkhanu, koma kotsekemera kuposa. A Tokiko anapempha mbale yachiwiri, kenaka yachitatu. Atakhuta anatulutsa foni. Munali uthenga wa Chinatsu wa m'mawa: "Amayi, mwakwera? Ndikudikira chithunzi."

A Kenzo anasuzumira chithunzi cha kunyanja chija, naloza ndi chala.

"Mwendowu muudule pachithunzipa. Foni zimatha zimenezo. Mungosiya nkhope ndi dengu, mwanayo aone kuti amake ali ndi mphamvu."

"Kapena kuseri kwa kachisi kuli mkungudza waukulu ndithu," anawonjeza a Kenzo. "Ku Nagoya adziwa bwanji kuti si womwewo?"

"Munthu wangochoka kopereka nsembe, wayamba kale kuphunzitsa bodza," anatero a Sueko.

"Ndikuthandiza mlendo."

A Tokiko anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Magazi ankaoneka bwino lomwe. Ankamudziwa Chinatsu: akaona bondo, nkhope saionanso.

"Ndikaudula mwendo, ndiye kuti akunena zoona, kuti ndine wofunika kubisa," anatero. "Aone zonse. Ndinagwa, ndinadzuka ndekha."

Analemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi: "Kuphiri sindinapite, lero ndi tsiku loletsedwa. Ndinapita kunyanja. Bondo ndi khungu chabe. Kumtengo ndipita mawa. Sitima ya mawa sindikwera." Anaika chithunzi chonse, natumiza. Kenaka anaimbira ofesi ya sitima n'kusuntha tikiti yawo kuchoka Loweruka kupita Lolemba.

"Pangano lija linali la Lachisanu," anawakumbutsa a Sueko.

"Ndikudziwa. Ndaluza. Tione ngati afuna kuwina motere."

"Mawa ndikuperekezani mpaka pothera msewu," anatero a Kenzo. "Kuwerenga kudzakhala kutatha. Mukapezeka mwaima pamenepo, mwiniwake adzangoti ndi chitsa."

"Chitsa chakale ndinu," anatero akazi awo, akusonkhanitsa zikhadabo za m'mbale.

Chizindikiro chakuti uthenga wawerengedwa chinaoneka nthawi ya 1:52 masana. A Tokiko anaika foni pafupi ndi mbale, napempha a Sueko kuti awaphunzitse kudula nsomba youluka popanda kuwononga mapiko. Wailesi inati Loweruka mvula idzayamba masana.

Loweruka m'mawa sitima ya ku Kagoshima inanyamuka popanda iwo. Pamene galimoto ya a Kenzo inkakhotera mumsewu wa kuphiri, kumene foni imasiya kugwira, Chinatsu anali asanayankhe.