Manijala Waulemu

"Mvetsetsani bwino, a manijala," anatero bambo aang'ono, akugogoda tebulo ndi kiyi wa galimoto. "Ine ndayenda. Ndagona m'mahotela momwe chitseko chimakutsegukira usanachikhudze. Koma nyumba ngati ya achimwene angayi sindinaionepo. Wantchito amene analowa pageti apo sanatulukeponso ndi chikwama, ndipo sadzatuluka. Ndikulumbira pali malemu omwewo."

Mwana woyamba wa malemu anatsinzina. Anali atabwera pa ndege kudzaika bambo ake, ndipo tikiti yobwererera inkamuyabwa m'thumba. Maluwa a pamaliro anali asanafote pabalaza, koma iye anali atafunsa kale anthu angapo ofuna ntchito yoyendetsa nyumbayo. Amene anamusankha ndi uyu: bambo wa tayi yakuda ndi nsapato zosamveka poyenda, woti anayendetsapo nyumba za akazembe ndi za eni migodi.

Ndipo nyumbayo inalidi nyumba! Masitepe a nsangalabwi, dziwe losambiramo lomwe munkangosambira masamba a mitengo, jenereta yaikulu ngati basi, zipinda zoti mwini wake yemwe ankasochera. Malemu anayamba ndi wilibala imodzi yonyamulira mchenga, ndipo atalemera sanalole munthu kuwayendetsera pakhomo. Ankayendetsa okha, ndi pakhosi. Supu ikachepa mchere: "Ndakuchotsa ntchito!" Galimoto ikadumpha pabampu: "Usadzaonekenso pano!" Mlonda anachotsedwapo m'mawa, masana n'kuchotsedwanso chifukwa chosiya geti akukalongedza. Kukacha, aliyense ankapezeka pamalo pake ngati sikunachitike kanthu.

"Zokalipa zija zapita ndi bambo," anatero mwanayo. "Amayi sangaithe okha nyumba yonseyi. A manijala akaikwanitsa, ikhala. Akalephera, ndigulitsa, Amayi ndinyamuke nawo."

Amayi anali atakhala pafupi ndi mpando wopanda munthu wa amuna awo. Anali ataonapo chithunzi cha komwe mwana wawoyo amakhala: tizipinda tiwiri pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, komwe zovala amayanika m'bafa. Anadzuka n'kukwera kuchipinda kwawo.

"Mwanawe," anatero bambo aang'ono, "pali kanthu kamodzi koti a manijalawa adziwe."

"Bambo aang'ono, awa ndi akatswiri. Asiyeni."

"Chabwino. Ine ndikhala pooneka bwino." Anakokera mpando pakhonde n'kuitanitsa botolo lozizira.

M'mawa mwake manijala anasonkhanitsa antchito kukhitchini: akhukhi, amene tsitsi lawo linachita imvi pa mbaula yomweyo, dalaivala, mlonda, wamaluwa ndi mayi wochapa. Anawakokera mipando yekha. Iwo anayang'anizana, n'kukhala m'mphepete mwa mipandoyo ngati ndi yotentha.

"Choyamba ndikuthokozeni," anatero ndi mawu ofewa ngati thonje. "Akhukhi, supu ya dzulo inali yokoma zedi. Zikomo kwambiri."

Akhukhi anagwira tebulo kuti asagwe.

"A dalaivala, mumayendetsa mosamala. Zikomo. Ndabwereza, zikomo. Mayi, malaya amene mumasita ndi oti nduna n'kuvala."

Mayi wochapa anayamba kulira. Manijala anawapatsa kansalu kake kopukutira, nagwira mlonda paphewa, n'kupita kukauza mwana wa malemu kuti anthuwa anali ndi ludzu la ulemu.

Antchito anatsala okha kukhitchini.

"Mwamva? Wandithokoza," anatero dalaivala. "Kawiri."

"Iwe zako n'zabwino. Ine wandigwira," anatero mlonda.

"Nanga mipandoyi?" anafunsa wamaluwa. "Sikuti mmisiri uja anayambanso ndi mpando?"

Onse ankamukumbukira mmisiri uja, amene anamanga dziwe lodontha. Malemu sanamukalipire ngakhale pang'ono. Anamukhazika pa sofa, kumudulira keke, kumuthokoza mpaka pageti, ndipo sanapondeponso pakhomopo. Loya wakale naye anachoka chimodzimodzi, atamuyamikira tayi yake ndi ana ake omwe. Ulemu malemuwo ankausungira anthu amene sakufunanso kuwaona. Akakukalipira ndiye kuti mawa akukufuna.

Tsikulo ntchito ya aliyense inasokonekera. Wamaluwa anadula mpanda wa maluwa mpaka unakhala ngati wametedwa ndi munthu woledzera. Dalaivala anapala galimoto pachipilala cha galaja. Mpunga wa masana unapserera, fungo n'kukwera masitepe onse. Apa onse anaimirira mwachiyembekezo. Mlandu ngati umenewu, ngakhale mngelo akanakweza mawu.

Manijala ananunkhiza mbale, namwetulira. "Musadandaule. Aliyense amalakwitsa."

Basi, anawamaliza.

Dzuwa litapendeka, mwana wa malemu anapeza mzere pansi pa masitepe. Anthu asanu, zikwama zisanu, mlonda atanyamulanso wailesi yake ndi ambulera.

"Chachitika n'chiyani? Malipiro? Ndiwonjezera!"

"Mwaonatu," ananong'ona wamaluwa. "Mpaka kuwonjezera."

"Abale anga, ndikupemphani mwaulemu wonse," anayamba manijala.

"Ayi, bwana, tamva kale," anatero dalaivala, akupukuta m'maso. "Musabwerezenso. Zikuwawa."

Bambo aang'ono anathamanga kuchokera pakhonde n'kutambasula manja pachitseko. "Palibe atuluke! Ine ndinalumbira pamaso pa mlendo! Iwe mlonda, tseka geti!"

"Nditseka ndikatuluka, bwana."

Mwanayo anakhala pa sitepe yoyamba n'kutulutsa foni. "Ndayesa. Bambo anasiya nyumba ya amisala. Ndikuimbira wogulitsa nyumba uja. Amayi ayambe kulongedza."

"Alongedze ndani?"

Amayi anali pamwamba pa masitepe, tsitsi losapesa, atavala gauni ya amuna awo yomwe inkakwekwereka pansi. Mayi amene pa ukwati wawo wonse mawu awo sanadutsepo chitseko anakoka mpweya, nagwira chitsulo cha masitepe.

"Kodi fungo limeneli ndi la mpunga kapena mwawotcha matayala? Iwe wamaluwa, mpanda uja wakulakwira chiyani? Dalaivala, chipilala chija chakhala pamenepo chimangireni nyumba ino, lero chakuthamangira? Nanga iwe, wanyamula wailesi, geti wasiyira mphaka? Nonse ndakuchotsani ntchito! Ndisakuoneninso!"

Nkhope zinawala ngati abwezeretsa magetsi. Mayi wochapa anaseka misozi ili m'masaya. Wamaluwa anaponya chikwama kuseri kwa chitseko n'kuthamangira sizasi yake. Dalaivala anatuluka akuimba mluzu.

"Amayi," anatero manijala, "mwaulemu ndithu, kayendetsedwe kotere m'nyumba za masiku ano..."

"Inunso! Kuyenda mwakachetechete ngati mwabwera kudzayeza bokosi lina la maliro! Anthu mwawaliza tsiku lonse! Ndakuchotsani!"

Manijala anatuwa. M'moyo wake wonse anali asanachotsedwepo. Bambo aang'ono anamukumbatira mpaka tayi inapindika. "Mwalembedwa, m'bale wanga! Tsiku loyamba lomwe! Dalaivala uja anadikira mwezi wathunthu. Mawa mulawirire, ndipo muphunzire kukuwa."

Koma akhukhi sanasunthe. Anaima pomwepo, chikwama chili m'manja, maso ali pansi.

"Akhukhi, simunamve?" anafunsa mwanayo, foni idakali m'manja. "Akuchotsani. Bwererani kukhitchini."

"Ine sangandichotse, bwana wamng'ono. Ndinachotsedwa kale. Madzulo omaliza aja a bambo anu, chifukwa cha mchere. Masiku onsewa ndimangogwirira maliro. Tiyi wanga sanabwere."

"Tiyi wanji?"

Amayi anatsika pang'onopang'ono, atanyamula gauni kuti isawakole. Mawu awo anali atabwerera mwakale. "Iwe unkadzuka mochedwa, mwana wanga, sunaonepo. Bambo ako akachotsa munthu, m'mawa ankalawirira kukhitchini, kuphika tiyi okha, n'kukamupatsa pakhomo pa chipinda chake. Osanena kanthu. Munthu akalandira kapu, nkhani yatha. Mawa ine ndili ndi makapu anga oti ndiphike. Koma iyi ndi ngongole ya bambo ako."

Mwanayo anawayang'ana akhukhi nthawi yaitali. Kenako anaika foni pa sitepe, navula jekete n'kupatsa manijala.

Kukhitchini kunamveka kutsegula makabati onse, kugwa kwa chivindikiro, ndi mawu ofunsa komwe kumakhala masupuni. Akhukhi anafuna kupitako, koma Amayi anawagwira mkono. Patapita nthawi mwanayo anatuluka akuyenda ngati wanyamula dzira, tiyi wina atatayikira kale m'sosala. Sananene kanthu. Anangopereka ndi manja awiri.

Akhukhi anaika chikwama pansi, nalandira, napsontha. Nkhope yawo inakwinyika.

"Woipa ngati wa bambo anu," anatero.

Anamwa wonse, mpaka wa m'sosala. Kapu imodzi, shuga masupuni atatu.