Mafuta a m'kabati

Mayi a Kadona anachiona akumuyesa mwanayo diresi pamakina awo osokera. Anangoti akweze tsitsi kuti tepi idutse pakhosi, n'kupeza kumbuyo kwa khosi kuli psuu, khungu likusupuka, m'mphepete mwa khutu muli kachilonda konyowa.

"Iwe! N'chiyani ichi? Sukudzola mafuta?"

"Ndikudzola, amayi."

Kadona anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo dzuwa silimunyengerera. Anamwino anali atanena kalekale kuti pafunika mafuta oteteza kudzuwa olembedwa 50, ndipo azidzola mosaumira, m'mawa ndi masana. Mayiwo ankagula chibotolo choyera cha kufamase, chosanunkhira, chotsika mtengo, mwana n'kumakhala bwinobwino.

Koma bambo akewo, abale inu! Atangokwezedwa pantchito anati mwana wawo sangamayende atayera mbuu ngati khoma lopakidwa laimu. Anabwera ndi kabotolo kagolide kotalika ngati chala, konunkhira maluwa, n'kukakhazika m'kabati yagalasi pamodzi ndi makapu a alendo. Mayiwo anayesa kulankhula, anauzidwa kuti telala adziwe za ulusi. Anangosiya, poti pakamwa pamatopa.

Tsopano anataya tepi ija, ulendo wa pabalaza, n'kutsegula kabati. Kabotolo kanali kolemera. Teremu yonse yatha, iko kodzaza!

"Mwaonatu ubwino wa zinthu zodula," anatero bambowo ali khale pampando, maso ali pafoni. "Sizitha msanga."

Mayiwo mtima unawawawa. Anapuma kaye kuti angatulutse mawu oti aneba n'kuwasimba mawa.

"Kadona, bwera kuno. Awonetse bambo ako mmene umadzolera."

Mwana uja anatsegula kabotolo mosamala, n'kufinyira kadontho pachala, kochepa ngati kanjere ka mpunga. Anakhudza pamphuno, tsaya ili, tsaya linalo. Basi, watseka.

"Kwatha? Nanga khosi? Makutu? Mikono? Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Adadi anati kadontho kamodzi n'kokwanira, chifukwa ndi odula." Anayang'ana pansi. "Ndiye masiku ena ndimadumphitsa, kuti asathe msanga adadi angavutike."

Foni ija inatsika pang'onopang'ono.

Mayiwo anamugwira mwanayo paphewa, n'kumutembenuza kuti khosi liyang'ane kwa bambo ake. Anakweza tsitsi lija.

"Onani bwino, bambo a Kadona. Mafutawa munagulira khungu la mwana kapena kabati? Ine ndatopa nazo za ulemerero wanu. Ndatopa! Chibotolo changa cha laimu chija mwana ankadzikhuthulira mopanda mantha, osapsa ngakhale tsiku limodzi."

Bambowo anatenga kabotolo kaja m'manja mwa mwanayo.

"Ife tikupita kuchipatala akaone khutuli," anatero mayiwo akumuveka mwanayo chipewa chake chachikulu. "Inu kufamase. Chachikulu chija, cholembedwa 50. Akakuonetsani chonyezimira mutseke maso."

"Nanga aka?" anafunsa bambowo motsitsa mawu, kabotolo kali m'manja.

"Kabwezereni kwa anzake makapu. Nawonso ntchito yawo n'kukhala."

Atafika pakhomo, Kadona anatembenuka, nkhope ili mumthunzi wa chipewa, n'kumwetulira bambo ake.

"Koma ndasunga bwino, eti adadi?"