Nsomba ya a Tak pa Kampopi

Mayi Pyo analowa m'chipinda chozizira cha fakitale yatsopano ya zakudya mumzinda wa Busan atadzikutira majekete ngati mtolo, maso kudenga. Mapaipi ozimitsira moto a kudengako anawajambula okha monga injiniya, ndipo ankawanyadira kuposa ana awo. M'kati mwake munali mpweya wokhawokha, poti madzi m'chisanu chotere angaundane n'kung'amba chitsulo. Madziwo ankadikira kunja, kuti kampopi kowaza madzi ka pa mapaipiwo kakamva moto n'kutseguka, athamangire.

Koma pa kampopi ka pakati penipeni pankalendewera nsomba youma, yokulungidwa ndi ulusi woyera.

Dzulo lake mwini fakitale, a Tak, anali atachita mwambo wotsegulira, mutu wa nkhumba ndi mowa wa mpunga zili pomwepo. Nsombayo ndiye mlonda wothamangitsa tsoka, poti sitseka maso. Tsono masana amenewa kunkabwera mkulu wa ozimitsa moto, ndipo akapeza kanthu pa kampopi, chilolezo palibe. Wonyozeka akanakhala Mayi Pyo.

"Bwana, mlendoyu wafika bwanji pamwambapa?" Mayi Pyo anafunsa a Tak, akuloza nsombayo.

"Pa makwerero, a injiniya," anatero a Tak. "Musamukhudze. Mukamutsitsa, mwatsitsa fakitale."

"Kampopiko kali ndi kagalasi kosalimba ngati dzira, ndiye..."

"Inu munaphunzira mapaipi. Ine ndinaphunzira kwa bambo anga."

Mayi Pyo sanalimbane nawo. Mwamuna wovala tayi m'firiji sumuuza kanthu. Anakwera makwerero, nayang'anitsitsa nsombayo kumaso, n'kutsika akupukusa mutu ngati ali pamaliro.

"Kwagwanji?" anafunsa a Tak.

"Palibe, ndangomva chisoni. Kwerani muone nokha."

A Tak anakwera akubuula. Maso a nsomba anali atakutidwa ndi ayezi, mbee.

"Mlonda wanu wachita ng'ala, bwana. Tsoka likalowa lidzamupatsa moni, iye osaliona. Koma musandimvere, ine ndi wa mapaipi chabe."

 A Tak anayamba kumasula ulusi okha, pang'onopang'ono, Mayi Pyo maso ali pa kagalasi kaja. Nsombayo anakaipachika kunja pamwamba pa chitseko, pofunda, uku akukalipira antchito kuti bwanji sanawaletse dzulo.

Mkulu wa ozimitsa moto anabwera, naunika timipopi tonse ndi tochi, n'kudinda chilolezo. Mayi Pyo anachipinda bwinobwino, natuluka kukaothera dzuwa, zala zakumiyendo zitachita dzanzi kalekale.